Kuthirira ndi kudyetsa masitiroberi a pakhomo: mafunso ndi mayankho

Chiyambireni kudzala masitiroberi kuseli kwa nyumba, aliyense amene waona mabedi anga kapena amene ndamugawirako mbande amabweranso ndi mafunso, ndipo mafunso ake amakhala omweomwewo, madzi ndi feteleza basi. Ambiri tinayamba kuwakonda titagula tija amagulitsa anyamata mumsewu wokwera kuphiri la Zomba popita ku Ku Chawe, kapena ku Dedza, ndiye timafika kunyumba n'kudzala koma n'kumawasamala ngati chimanga kapena mpiru, apa ndi pamene zinthu zimasokonekera. Ndayankha mmene ndimachitira ine pakhomo panga.

Kodi masitiroberi amafuna madzi ochuluka bwanji?

Muyezo wake ndi pafupifupi malita 25 pa sabata pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ndiye ngati bedi lanu ndi la mita imodzi m'lifupi, mamita 3 m'litali, ndi malita 75 pa sabata, kunena kuti makeni 7 kapena 8 a keni ija ya malita 10. Umenewo ndi muyezo wa nthawi yozizira, Meyi, Juni, Julaye. Kukayamba kutentha mu Seputembala ndi Okutobala, pamene zipatso zili mbwee, madzi amafunika okwera ndithu, mpaka malita 40 olo 50 pa mita, ndiye bedi lomwe lija limatha kumwa makeni 12 mpaka 15 pa sabata.

Koma chofunika kumvetsa si nambalayi ayi, ndi mizu. Mukadzazula tsinde limodzi mudzaone, mizu ya sitiroberi ndi yaifupi, yambiri imangothera m'masentimita 15 apamwamba, yochepa ndi imene imatsika kufika 30. Si ngati tomato kapena nandolo amene amakasaka okha madzi pansi. Dothi lapamwamba likauma, kwa sitiroberi ndiye kuti kwauma basi, olo pansi patakhala chinyezi. N'chifukwa chake makeni 8 aja simuwathira tsiku limodzi Loweruka n'kumati ndathana nazo, ochuluka angopita pansi pamene mizu siifika. Agaweni katatu pa sabata.

Ndiye ndizithirira tsiku lililonse?

Zimatengera dothi lanu. La mchenga limauma msanga, mu Okutobala mwina tsiku lililonse ndithu. Katondo ndi makande zimasunga madzi, mukamathira daily mizu iola. Ine kalendala sindiitsatira kwenikweni, ndimagwiritsa chala. Pisani chala m'dothi pambali pa tsinde mpaka pa mfundo yachiwiri, mukamva kuzizira ndipo tidothi tamatirira kuchala, lero musathire. Chala chikatuluka chili mbuu ndi fumbi, tengani keni. Njira ina, tapani dothi m'manja n'kufumbata, likagwirana koma osatulutsa madzi ndiye chinyezi chabwino chimenecho, likamachita phala mwaonjeza.

Nthawi yabwino ndi iti, m'mawa kapena madzulo?

M'mawa, dzuwa lisanakwere. Ndikudziwa kuti ambiri tinazolowera kuthirira dimba madzulo tikaweruka, ndipo pa ndiwo zamasamba palibe vuto, koma sitiroberi akagona masamba ndi zipatso zili zonyowa usiku wonse, chuku chimabwera. Ndi chija chotuwa chaubweyaubweya chimene chimagwira chipatso chakupsa, lero mwachiona chili psuu mwati ndithyola mawa, mawa lake mukuchipeza chafewa mbali imodzi chavala ubweya. Ngati m'mawa simungathe chifukwa cha ntchito, thirirani chakumadzulo dzuwa likanalipo ndipo madzi apite pansi, osati pamwamba pa masamba. Ine ndimachotsa kachisefa kakukamwa kwa keni n'kutsitsa keniyo pafupi ndi dothi, madzi aziyenda pang'onopang'ono pakati pa mizere.

Masamba amafota masana ngakhale ndathirira, ndionjezere madzi?

Dikirani kaye. Masana a Okutobala masamba amagwa mphwayi chifukwa cha kutentha, kukazizira madzulo amadzukanso okha. Mukawaone m'mawa kwambiri, ngati ali chilili palibe vuto, mwina angofuna kamthunzi pang'ono masana ndi udzu wophimbira. Koma ngati m'mawa ali chifotere ndipo dothi ndi lonyowa, pamenepo musathirenso, kumbani tsinde limodzi muone. Mizu yabwino imakhala ndi timizu toyera tambiri, yoola imakhala yakuda, yofewa, ndipo mukang'amba mtima wa chomeracho, paja pamene masamba amatulukira, mkati mumapeza mofiirira. Chomera chimene mizu yaola chimafota chimodzimodzi ndi chaludzu, ndiye munthu amangoonjezera madzi osadziwa kuti akuchimaliza. Chimenecho zulani mukataye kutali, musachiike pa kompositi.

Ndangodzala kumene mbande, ndithirire bwanji?

Masabata awiri oyamba musalole kuti dothi liume, pang'ono tsiku lililonse, chifukwa mizu isanagwire. Zikayamba kutulutsa masamba atsopano ndiye muyambe kutalikitsa masiku. Kuno nthawi yabwino yodzala ndi mvula ikamatha, Malichi, Epulo mpaka Meyi, kuti zikule m'nyengo yozizira.

Ndipo poti tili pompa, yang'anirani mtima, paja pamene masamba amatulukira. Uzikhala molingana ndi dothi, osakwiririka komanso osakhala pamtunda mizu ili poyera. Izi zikukhudzana ndi kuthirira chifukwa mukamathira mwamphamvu ndi ndowa, dothi limakokoloka n'kukwirira mtima uja, pakapita masiku waola, kapena madzi amafukula mizu n'kuisiya padzuwa. Mukamaliza kuthirira zungulirani bedi, pamene pakwiririka fukulani ndi chala.

Kuphimbira ndi udzu n'kofunikadi kapena ndi zongokongoletsa?

N'kofunika kwambiri, ndinganene kuti theka la nkhani ya madzi lili pamenepa. Bedi lophimbira limasunga chinyezi masiku angapo pamene bedi lamtunda lauma kale, dothi limakhala lozizirira, udzu woipa sumera wambiri, komanso zipatso zimagona pa udzu wouma m'malo mogona pamatope. Ikani udzu wouma wopanda njere, uja wofolerera nyumba ndi wabwino, wokhuthala ngati zala zitatu kapena zinayi, koma pa mtima musiye kampata. Mankhusu a mpunga amathandizanso. Amene muli pafupi ndi mitengo ya paini ngati ku Zomba, Dedza kapena ku Chikangawa, masamba ake aja owuma othothoka pansi ndi abwino zedi, saola msanga ndipo madzi amadutsa bwinobwino.

Vuto lake ndi chiswe, makamaka mukaphimbira ndi mapesi a chimanga. Muzitukula udzu nthawi ndi nthawi kuona pansi, mupezamonso nkhono zimene zimabisala masana n'kumaboola zipatso usiku, zitoleni ndi manja m'mamawa.

Madzi ochapira zovala kapena otsukira mbale ndingathirire? Bilu ya madzi ikukwera.

Funso ili limandikhudza chifukwa madzi a pampopi ndi ndalama, ndipo kwina amakhala masiku asakutuluka. Koma a sopo waufa ayi chonde. Sopo ameneyu ali ndi mchere wamtundu wake, ndipo sitiroberi ndi imodzi mwa mbewu zosapirira mchere ngakhale pang'ono, masamba amayamba kupsa m'mbalimbali ngati awauka ndi moto, kenako chomera chimapinimbira. Komanso kumbukirani kuti chipatsochi chimakhala pansi ndipo timadya chosaphika, ana amangothyola n'kuponya mkamwa, ndiye madzi a kubafa kapena a mafuta a m'mbale asayandikire. Madzi otsukira mpunga, otsukira ndiwo zamasamba, amenewo thirani. A mvula a padenga mukasunga m'diramu ndiye abwino kuposa onse. A mjigo laweni kaye, ngati akumveka kamchere ngati mmene imakhalira mijigo ina kuchigwa cha Shire, masitiroberi sasangalala nawo, ndipo mudzaona zoyerayera pamwamba pa dothi likauma.

Pofuna kusunga madzi, mabotolo apulasitiki a malita 2 amagwira ntchito. Boolani timabowo tiwiri kapena titatu ndi singano yamoto chakumunsi, kwirirani botolo theka pakati pa mapando awiri, muzidzaza m'mawa, madzi azituluka okha pang'onopang'ono pa mizu pomwepo.

Manyowa abwino ndi ati?

Aliwonse bola akhale owolerana bwino, akuda, ofumbutuka, osanunkha khola. A ng'ombe ndi a mbuzi ndi ofatsa, ine ndimathira ndowa imodzi ya malita 20 pa mita iliyonse ya bedi n'kusakaniza ndi dothi masabata awiri kapena atatu ndisanadzale. Kompositi ndiye wabwino koposa chifukwa amafewetsa dothi n'kumasunga madzi. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kwambiri, makamaka za nkhuku za chizungu, zikakhala zaziwisi zimawotcha mizu, ndiye zisiyeni pamulu miyezi itatu kapena kuposa, ndipo muthire zosakwana theka la muyezo wa a ng'ombe.

Manyowa aawisi pa bedi limene layamba kubereka musathire n'komwe, osati chifukwa cha mizu yokha komanso chifukwa cha mimba za anthu odya.

Nanga feteleza wa chimanga amene watsala, NPK ndi Urea, sangathandize?

Apa ndi pamene ndimafuna tikhalitsepo, chifukwa mabedi ambiri amene ndawaona atakanika, nkhani yake imakhala imeneyi. Munthu watsala ndi ka Urea pansi pa thumba, akuona masitiroberi ake, akuti ndiwabereketse ngati chimanga. Pakapita masabata awiri bedi lili biliwiri, masamba akuluakulu ngati a maungu, aliyense wodutsa akuyamikira, mwini wake mtima uli m'malo. Kenako dikirani zipatso, kuli zii. Maluwa ochepa, mphukira zoyanga mbali zonse, ndipo tizipatso timene tabwera n'tofewa, tamadzimadzi, tosatsekemera, tikuola tisanapse chifukwa tabisika m'masamba mopanda mpweya ndi dzuwa. Ndinaziona ndi maso pa bedi la mlamu wanga amene ndinamugawira mbande zochokera pa bedi langa lomwe, mbewu imodzimodzi, iye anathira Urea kawiri, ine ayi, kwake kunali masamba, kwanga kunali zipatso.

Chifukwa chake n'chakuti Urea ndi nayitrojeni yekhayekha, 46 pa 100 aliyense, ndipo nayitrojeni ntchito yake ndi masamba. Sitiroberi amamufuna inde, koma wochepa, makamaka poyamba pamene akukula. Pobereka chimene amafuna kwambiri ndi potaziyamu, ndiye amene amalimbitsa chipatso n'kuchipatsa kukoma. Mukatenga thumba la feteleza muona manambala atatu, yoyamba ndi nayitrojeni, yachiwiri fosifolasi wa mizu, yachitatu potaziyamu. NPK ija tinaizolowera kale ya 23:21:0+4S, onani nambala yachitatu, ziro, mulibe potaziyamu olo pang'ono. Imene inabwera pambuyo pake ya 23:10:5 ilimo koma wochepa, nayitrojeni ndiye ali pamwamba. Onsewa anawapangira chimanga. Pa masitiroberi funani amene nambala yachitatu ndi yokwererako, ngati D Compound uja alimi a fodya ndi a mbatatesi amagwiritsa ntchito, ndipo m'mashopu a zaulimi ena amagulitsa pa kilo, simufunika thumba lonse.

Muyezo wanga ndi dzanja limodzi losadzaza kwambiri, pafupifupi magalamu 50, pa mita imodzi ya bedi, kusakaniza ndi dothi musanadzale. Pakatha mwezi kapena masabata 6, ngati masamba akuoneka otumbululuka, ndimathira CAN, feteleza uja wa nayitrojeni, pang'ono, masupuni a tiyi awiri kapena atatu pa mita yonse, osati pa phando limodzi ayi. Mbulu za feteleza zisagwere pa mtima kapena pamasamba, ziikeni m'kangalande kotalikirana ndi tsinde ngati zala zinayi, kwirirani, thirirani pompo. Ndipo osathira feteleza pa dothi louma gwa, thirirani kaye dzulo lake. Ngati Urea ndi yekhayo amene muli naye, theka la muyezo wa CAN uja, kamodzi kokha, maluwa asanayambe. Koma kunena zoona, bedi limene mwalipatsa manyowa okwanira nthawi zambiri silifunanso zimenezi.

Ena amafunsa za manyowa a Mbeya aja osakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono n'kusunga m'thumba masiku 21. Amagwira, ingokumbukirani kuti muli feteleza kale, ndiye musaonjezerenso wina pamwamba.

Maluwa ayamba, ndidyetse chiyani tsopano?

Siyani za nayitrojeni. Ine pa nthawi imeneyi ndimangopatsa manyowa amadzi opepuka kamodzi pa masabata awiri. Ndimadula masamba a deliya, uja wa maluwa achikasu womera m'mbali mwa misewu, kudzaza theka la ndowa, kuthira madzi, kuvundikira, kumavundula masiku ena, pakatha masabata awiri zaola ndipo fungo lake ndi lamphamvu ndithu ndiye ikani kutali ndi khomo. Ndimasefa n'kusungunula ndi madzi mpaka mtundu ukhale ngati tiyi wopepuka, kenako kuthira pansi m'mbali mwa mapando, osakhudza zipatso. Amene mungakwanitse kugula feteleza wosungunula m'madzi wolembedwa kuti ndi wa tomato kapena wa zipatso, ameneyo amagwirizananso ndi masitiroberi, tsatirani muyezo wa papaketi kapena kuchepetsako.

Chachikulu pa nthawi ya maluwa ndi chinyezi chosadukiza. Mukalola bedi kuuma pamene zipatso zikukula, zimatuluka zing'onozing'ono zolimba, ndipo kuthira madzi ambiri pambuyo pake sikuzikulitsanso.

Phulusa ndi labwino? Agogo amati lili ndi mphamvu.

Agogo sananame, phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu ndi kashiamu. Koma limachepetsa asidi m'dothi, pamene sitiroberi amakonda dothi la asidi pang'ono, muyezo wa asidi uja amati pH ukhale pakati pa 5.5 ndi 6.5. Ndiye kadzanja kamodzi pa mita, kamodzi pa sizoni, kuwaza mopyapyala n'kuthirira, basi. Osamakhuthulira mbaula pa bedi m'mawa uliwonse, ndipo phulusa limene munawotcheramo mapulasitiki ayi.

Masamba akusanduka achikasu, akusowa chiyani?

Onani kaye kuti ndi masamba ati. Akakhala akale am'munsi, tsamba lonse lachikasu mofanana ndipo chomera chikukula mozengereza, kawirikawiri ndi njala ya nayitrojeni, ka CAN kaja kapena manyowa amadzi akonza. Akakhala masamba atsopano apakati, achikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, imeneyo ndi njala ya ayironi, ndipo nthawi zambiri si kuti m'dothi mulibe, koma chomera chikulephera kumutenga chifukwa phulusa kapena laimu wachuluka, kapena mizu yakhala m'madzi nthawi yaitali. Pamenepo kuthira feteleza sikuthandiza, chepetsani madzi, siyani phulusa, onjezerani kompositi. M'mbali mwa masamba mukapsa, ganizirani mchere kapena feteleza wochuluka, thirirani madzi abwino ambiri kamodzi kuti atsuke.

Palinso china chimene chimanamiza anthu nthawi yotentha. Masamba amachita timadontho totuwa, n'kumaoneka ngati afumbi, mukatembenuza pansi pake mupeza tiakangaude tofiira tating'ono kwambiri ndi ulusi wake, tomwe tija timavutitsa tomato. Timakonda mbewu zaludzu ndi fumbi. Iyi si njala, ndipo apa pokha ndimalola kutsuka masamba kunsi kwake ndi madzi m'mawa kuti aume msanga ndi dzuwa. Tsamba limodzi limodzi lakale kufiira n'kuuma ndi ukalamba chabe, lichotseni.

Zipatso zanga n'zazikulu koma sizitsekemera, chalakwika n'chiyani?

Zinthu zinayi: madzi ochuluka pamene zikupsa, nayitrojeni wochuluka, mthunzi, kapena kuthyola msanga. Masitiroberi amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa, pansi pa mtengo wa mango sangakome. Ndipo sali ngati nthochi kuti mukavundika zitsekemera, shuga amene ali naye pothyola ndi yemweyo, ndiye dikirani chifiire mpaka kumutu. Ine ndimathyola m'mawa ndisanathirire, osati nditathirira. Mtundu wa mbewu nawonso umasiyana, ina ndi yowawasa mwachibadwa.

Ndilibe malo, ndadzala m'matumba ndi m'zidebe. Malamulo ndi omwewo?

Amasintha pang'ono. Dothi la m'thumba limauma msanga kwambiri, nthawi yotentha ndi tsiku lililonse, pena kawiri ngati chidebe n'chaching'ono kapena chili pa simenti. Mabowo apansi akhale okwanira, madzi azituluka, chidebe chisakhale m'beseni la madzi. Poti mukuthirira pafupipafupi chakudya chimatsukika msanga, ndiye muzidyetsa pang'ono kwambiri koma kawirikawiri, manyowa amadzi aja pa masabata awiri alionse. Posakaniza dothi, magawo awiri dothi la pamwamba, limodzi kompositi, ndi kamchenga ka kumtsinje ngati dothi ndi lomata. Zidebe zakuda ndi matayala zimatentha mizu mu Okutobala, zikulungeni ndi chiguduli kapena muzisunthire pamene dzuwa la masana silimenya kwambiri.

Nthawi ya dzinja nditani?

Keni ipume, ntchito ikhale yochotsa madzi. Bedi likhale lokwera masentimita 20 kapena 30, ngalande zam'mbali zikhale zotseguka kuti madzi asadikhe. Udzu wophimbira ukanyowa n'kuyamba kuola pafupi ndi mitima, uchepetseni. Feteleza musathire mvula ili pakati, angokokoloka. Kukachita ng'amba ya sabata kapena kuposa mu Januwale, bwererani ku chala chija. Chimodzimodzi masiku a chiperoni kwa amene muli ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, kamvula kaja kamanyowetsa masamba koma pena pansi pali pouma, ndiye musangoganiza, pisani chala, ndipo zipatso zakupsa thyolani msanga chuku chisanazipeze.

Mphukira zoyanga zija ndizisiye? Nanga bedi lakale ndilidyetse bwanji kuti libwerere?

Nthawi yobereka ziduleni ndi sizasi, chifukwa mwana aliyense amene akulendewera kumeneko akuyamwa madzi ndi chakudya kwa make, zomwe zikanapita ku zipatso. Zipatso zikatha, chakumapeto kwa chaka, ndiye musankhe mapando athanzi amene anabereka bwino, muwasiyire ana awiri kapena atatu, oyamba kuchokera kwa make ndiwo amakhala amphamvu. Ine ndimaika kachubu ka dothi pansi pa mwanayo n'kumupanikiza ndi kawaya kopinda, pakatha masabata 4 mpaka 6 wagwira mizu, ndimadula chingwe chija.

Bedi lakale mukamaliza kukolola chotsani masamba owuma ndi odwala, palirani ndi manja osati ndi khasu poti mizu ili pamwamba, thirani kompositi wokhuthala ngati zala ziwiri kuzungulira mapando, mtima usakwiririke. Koma phando likafika zaka 3 mphamvu zimakhala zatha, zipatso zimachepa n'kumakhala zing'onozing'ono olo mulidyetse chotani. Pamenepo konzani bedi latsopano pamalo ena, makamaka pamene simunadzalepo tomato, mbatatesi kapena mabiringanya posachedwa chifukwa matenda ena ofotetsa a m'dothi amagwira zonsezi, mudzalepo ana aja motalikirana masentimita 30 mvula ikamapita kumapeto.